Nambala ya Agogo Inapsera pa Bwalo

Ndikawakumbukira agogo anga aamuna, a Lufeyo Phiri, mphuno ndi imene imayamba, maso amachita kutsatira. Limabwera fungo la utsi wa nkhuni zaziwisi wotuluka m'ming'alu ya balani momwe ankafukiza fodya wa chikopa, utsi wolemera umene unkakwawa pansi m'mawa wa chisanu, n'kulowa m'malaya, m'tsitsi, ngakhale mumtsuko wa madzi akumwa, mpaka ukadutsa panjira anthu ankadziwa kuti wachokera kwa Andege. Ndi mmene mudzi wathu, kufupi ndi Msakambewa ku Dowa, unkawatchulira. Ana ankawaitana choncho atabisala kuseri kwa nkhokwe. Akuluakulu ankawaitana choncho pamaso, akumwetulira ngati akupereka ulemu.

Agogo sanali a m'mudzimo. Anachokera kuseri kwa phiri la Ntchisi n'kudzakhala pachikamwini, ndipo agogo aakazi atamwalira, ine ndili wamng'ono kwambiri, mwambo unkati mkamwini asudzulidwe abwerere kwawo. Iwo anapempha kuti atsale. Anati sangasiye mwana wawo mmodzi yekhayo, amayi anga, amene mwamuna wawo anali atapita ku Joni osatumiza ngakhale moni. Eni mudzi anavomera, koma kuvomera kwa munthu amene wakubwereka mpando iye ataimirira pambali pako. A Malizani, mlongo wamng'ono wa agogo aakazi, ndi amene anali mwini mbumba, ndipo sanaiwale ngakhale tsiku limodzi kuti dimba la kudambo limene agogo ankalima linali la mbumba yawo.

Ntchito yanga inali yopatsira. Ndinkanyamula mikangala, timitengo tija timene amasokerapo masamba a fodya, n'kumawapatsa agogo ali pamwamba m'balani, maso akundiwawa ndi utsi, manja akumata ndi utomoni wakuda wa fodyayo. Asanakwere, agogo ankadzimanga chingwe cha khonje m'chiuno, mfundo yake kumbuyo cha kumanzere, mbali inayo n'kumangirira ku mtanda wa denga. Balaniyo siinali yaitali. Munthu atagwa akanangothyola ulemu basi. Anthu odutsa ankaima n'kumaseka kuti Andege akukonzeka kunyamuka.

"Agogo, chingwechi n'chachiyani, pomwe pansi ndi pomwepa?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Akazi anga," anayankha, poti ankandiitana choncho monga agogo amachitira ndi adzukulu awo aakazi, "kumene ndinaphunzira kumanga chingwechi, ukagwa sufika pansi msanga. Umakhala ndi nthawi yoganiza."

Nkhani yawo sankaikamba ngati nthano. Inkatuluka pang'onopang'ono ali pantchito, maso ali pa fodya. Ali mnyamata anawalemba usilikali pa nkhondo yachiwiri ija ya dziko lonse, n'kuwakweza sitima ya pamadzi mpaka ku dziko lakutali lotchedwa Bama. Kumeneko, ankatero, mvula siikata, misewu imasanduka phala, ndipo asilikali amene anali m'nkhalango chakudya chinkawafikira kuchokera kumwamba. Iwo anawachotsa pagulu lawo n'kuwaika mu ndege yoponya chakudyacho chifukwa anali ndi mphamvu komanso sankasanza. Ndegeyo ankaichotsa chitseko. Ankawamanga chingwe m'chiuno, ndipo belu likalira ankakankha matumba a mpunga ndi mapazi, mphepo ikufuna kuwazula mano, mitengo pansipo ikuoneka ngati chisoso cha m'munda. Anali ndi mnzawo wa ku Dedza amene tsiku lina anamanga mfundo mofulumira. Thumba litatuluka, iyenso anatuluka nalo. Akafika pamenepa agogo ankasiya, n'kunena kuti ndiwapatsire mkangala wina.

Pakhosi pawo pankalendewera kanthu kofiirira, kozungulira, kukula kwake ngati chivindikiro cha botolo la mafuta odzola. Sikanali kachitsulo, sikanalinso kamtengo. Panali zilembo ndi manambala odindidwa mozama, ndipo sankakavula ngakhale posamba. Tikapuma pamthunzi ankandilola kukagwira, ine n'kumayendetsa chala m'timaenje ta zilembozo, kali kofunda ndi thukuta lawo.

"Munthu ukafera kunkhondo nkhope imatha msanga," anandiuza. "Kamene kamatsala kukutchula dzina ndi aka. Boma la azungu silinkandidziwa ngati Lufeyo. Linkandidziwa ndi nambala iyi."

Ndinali ndisanayambe sukulu. Nambala yonseyo ndinaigwira ndi chala changa kambirimbiri, koma sindinkatha kuwerenga. Chimene chinatsala m'mutu mwanga ndi chilembo chimodzi chooneka ngati khasu loimika chadodolido, chimene pambuyo pake aphunzitsi anandiuza kuti ndi seveni.

M'mudzimo munalibe amene ankawakhulupirira. Kuti anapita kunkhondo ankavomera, poti nsapato zawo zakale za usilikali zinalipo, koma za ndege ayi. Pamowa a Malizani ankakonda kuyambitsa.

"Alamu, tatiuzani, mitambo imakoma bwanji? Ili ndi mchere?"

Anthu n'kuseka.

"Munthu wakuda nthawi imene ija ndege akanaiyandikira kuti, kupatula poikolopa?"

Agogo ankangoyang'ana m'chipanda chawo n'kufunsa kuti, "Munalipo?" Ankathera pomwepo. Ine ndinkakwiya m'malo mwawo, ndipo tsiku lina ndinaluma mwana wa a Malizani pamkono chifukwa chothamanga mozungulira nyumba yathu atatambasula manja, akulira ngati injini. Agogo anandidzudzula, koma usiku usanagwe anandiwotchera chimanga chachikulu kuposa cha mlongo wanga wamng'ono.

Kenako kunabwera chaka cha chikuku. Ana anadwala nyumba ndi nyumba, ndipo ena anapita, mmodzi mwa iwo chitsirizira cha a Malizani, kamnyamata kamene ankakakonda kwambiri. Chisoni chawo chinali chenicheni, chimenecho sindingawalande. Koma kwathu imfa ya mwana siinkaloledwa kubwera yokha. Maliro atatha, a Malizani anapita kukatenga sing'anga woyeretsa mudzi, wochokera cha kunyanja. Munthuyo anafikira kunyumba kwawo, anadya kumeneko, anagona kumeneko, ndipo pomwe ankayamba ntchito anali atamva kale za aliyense, ndani ndi mwini mudzi, ndani ndi wobwera.

Anatisonkhanitsa pabwalo dzuwa lili paliwombo. Ndimakumbukira fumbi lotentha kumapazi, kulira kwa ng'oma yaing'ono, ndi moto umene anakoleza pakati pa bwalo, wootchera nyanga ndi zithumwa zimene ankati azifukula m'nyumba za anthu. Sing'angayo anali wamng'ono msinkhu, wovala mkanjo wofiira, kagalasi m'dzanja limodzi, mchira wa ng'ombe m'dzanja linalo. Anayang'ana m'kagalasimo nthawi yaitali, kenako anati, "M'mudzi muno muli woyendetsa ndege."

Anthu anachita phokoso lapansipansi ngati njuchi. Kwathu munthu wouluka amadziwika kuti ndi ndani. Ndi mfiti, imene amati imakwera lichero n'kukafika kutali, itatenga ana a eni ake. Mitu yonse inatembenukira kwa agogo. Anthu omwewo amene kwa zaka zonse zija anakana kukhulupirira kuti agogo anauluka, tsiku limenelo anakhulupirira nthawi imodzi, popanda wofunsa umboni.

"Iwo eni akhala akutiuza," anatero a Malizani. "Ife tinkayesa nthabwala."

Sing'anga anaima patsogolo pa agogo. "Madala, yankhani pamaso pa anthu. Munaulukapo kapena ayi?"

Akanatha kukana. Akanati zinali zocheza za pamowa, anthu akanaseka, mwina akanawasiya. Ndakhala ndikuwakwiyira pang'ono chifukwa chosanama tsiku limenelo.

"Ndinauluka," anatero. "Mu ndege ya boma, masana, anthu akuona. Ndinkaponya chakudya kwa anzanga."

"Mwadzimvera nokha," anatero sing'anga, akuyang'ana gulu. Kenako maso ake anagwera pakhosi pa agogo. Anakoka kachingwe kaja, kanthu kofiirira kaja n'kutulukira pamwamba pa malaya. "Kiyi wa ndegeyo ndi uyu."

Agogo anamugwira dzanja, osati mwaukali. "Mwana wanga, kameneko ndi dzina langa. Tenga nsapato, tenga fodya, koma kameneko undisiyire."

Anyamata a m'mudzi, amene ena mwa iwo agogo anawaphunzitsa kusoka fodya, anawagwira mikono. Kachingwe kanadulidwa ndi mpeni, kanthu kaja n'kuponyedwa pamoto. Kanapindika, kanachita thovu, kanada. Kanatulutsa fungo loipa ngati la chiboda chopsa, ndipo sing'anga anauza anthu kuti limenelo ndi fungo la ana awo. Amayi ena anayamba kulira.

Amayi anga anali ataima pafupi ndi ine, mlongo wanga ali kumsana. Agogo anawayang'ana kamodzi kokha. Amayi anaweramitsa mutu n'kumayang'ana zala za kumapazi kwawo, ndipo dzanja lawo linandifinya phewa mpaka kupweteka. Sanawaikire kumbuyo bambo awo.

M'mawa mwake agogo anapinda bulangeti, anakulunga chingwe chawo cha khonje, anatenga khasu. Fodya anamusiya m'balani, moto usanazime. Anandipeza pakhomo ndikulira, n'kundigwira pamutu. "Akazi anga, ukwati watha, ndikubwerera kwathu. Mudzakwatiwe ndi munthu wosauluka." Anayesa kuseka koma sizinatheke. Ndinawayang'ana akutsika kudambo, akudutsa dimba lawo osatembenuka, mpaka analowa m'njira ya kumapiri. Mvula yotsatira, m'dimbamo munali a Malizani.

Tinakawaona kamodzi ku Ntchisi. Abale awo enieni anali atatha, ndipo ankakhala m'kanyumba kuseri kwa nyumba ya mdzukulu wa mlongo wawo, pamalo ozizira pomwe nkhungu inkachedwa kuchoka. Kwawo komweko analinso mlendo, ndipo mbiri ya pabwalo inali itawatsogolera. Ndinakhala pafupi nawo n'kuwapempha kuti andiuzenso za matumba a mpunga. Dzanja lawo linapita pakhosi, linapeza palibe kanthu, linabwerera pabondo.

"Kunalibe ndege," anatero. "Usamamvere za nkhalamba."

Anamwalira chaka chisanathe. Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. A agogo anga anagonera mpaka mwini wake anawakana.

Lero ndine mphunzitsi wa ana aang'ono ku Madisi, ndipo amayi ndimakhala nawo. Maso awo anachita ng'ala, mtima nawo ukuvuta, miyendo imatupa. Za tsiku la pabwalo sitinkakambirana. Koma chaka chatha, ndikuwadzoza mafuta kumiyendo, anati akufuna kumanga chiliza pamanda a bambo awo asanawatsatire.

"Koma usanagule simenti," anatero, "undipezere kaye ngati ankanena zoona."

"Amayi, inunso mumakayika?"

"Ndikanapanda kukayika, ukuganiza kuti ndikanakhala chete tsiku lija? Ana anali atafa, Enelesi. Aliyense ankaloza bambo anga. Theka la mtima wanga linkati ndi bodza, theka linalo linkati nanga bwanji ngati. Ndakhala nalo theka limenelo moyo wanga wonse. Sindikufuna kukakumana nawo ndili nalo."

Patchuthi ndinakwera basi kupita ku Zomba, ku ofesi ina yosunga mapepala akale. Anandilandira mtsikana waulemu, wovala magalasi, amene anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anatenga cholembera n'kufunsa funso limene ndinkaliopa njira yonse.

"Nambala yawo ya usilikali mukuidziwa, mayi?"

"Ili ndi seveni," ndinatero.

Ndinaseka ndekha, kuseka koipa. Iye sanaseke. Anandifotokozera kuti asilikali akuda ankawasunga ndi manambala, kuti maina ankalembedwa mmene wolemba wafunira, wina dzina la bambo ake, wina la mudzi, ndipo kuti a Phiri okha angadzaze chipinda. Mapepala ena anapita kunja pamodzi ndi azungu, ena anadyedwa ndi chiswe. Komabe anandithandiza kufufuza. Ndinakhala m'menemo mpaka zala zinada ndi fumbi, ndikuwerenga maina a ana a eni ake, koma Lufeyo wa ku Ntchisi sindinamupeze. Anandipatsa adiresi ya ofesi ina ya kunja. Ndinalemba pafoni, ndipo anayankha mwaulemu kwambiri, akuthokoza chifukwa cha ntchito imene agogo anagwira, n'kupempha kuti nditumize nambala.

Ndinafunsa ngati pali msilikali wa nthawi imeneyo wotsala cha ku Dowa kapena ku Ntchisi. Kulikonse ankandiuza kuti ndachedwa pang'ono, anamwalira dzana lomweli.

Chimene chinatsala n'kuyang'ana zithunzi zakale za nkhondoyo zimene anthu akunja anaziika pa intaneti. Ndinkachita zimenezi pa nthawi yopuma kusukulu, anzanga akumwa tiyi. Kumeneko ndi kumene mtima wanga unawawira zenizeni. Azungu oyendetsa ndege alimo ndi maina awo onse, kwawo, sukulu imene anaphunzira, tsiku limene anakwera ndi tsiku limene anatsika. Pachithunzi china analemba ngakhale dzina la galu wawo. Adzukulu awo akafuna kudziwa, amangolemba dzina n'kupeza zonse atakhala pampando.

Tsiku lina ndinachipeza. Chinali chithunzi chojambulidwa m'kati mwa ndege yopanda chitseko, kunja kukuoneka nkhalango pansi patali. Pakhomopo panali amuna akuda osavala malaya, mapazi ali pathumba, aliyense chingwe m'chiuno. Mmodzi anali atafulatira, ndipo mfundo ya chingwe chake inali kumbuyo cha kumanzere. Pansi pa chithunzicho analemba mtundu wa ndegeyo ndi dzina la mzungu amene anajambula. Za amunawo anangoti asilikali a ku Africa.

Belu linalira koma sindinalowe m'kalasi. Ndinapita kunyumba, ndinagwada pafupi ndi mphasa ya amayi, n'kuwaikira foni m'manja ngakhale ndinkadziwa kuti saona.

"Ndi iwo?" anafunsa.

Ndinafuna kunena kuti inde. Palibe akanadziwa. Koma ndinakumbukira munthu amene anakana kunama pabwalo.

"Sindikudziwa, amayi. Wafulatira, nkhope siikuoneka. Dzina palibe. Mfundo ya chingwe ndi yomwe ija, koma mwina onse ankawaphunzitsa chimodzimodzi."

"Koma ndege ilipo?"

"Ilipo."

"Anthu akuda alimo? M'mwamba?"

"Alimo. Akukankha matumba ndi mapazi, monga ankanenera."

Anasisita galasi la foniyo ndi chala chachikulu. Misozi inatsika m'maso oyera aja. "Anandiyang'ana kamodzi kokha," anatero. Kenako anapukuta nkhope ndi chitenje. "Upite kumudzi. Atsibweni akadali moyo. Ukawaonetse."

Ndinapita Loweruka. A Malizani ndinawapeza pakhonde, atakalamba kwambiri, mano atatha, ndodo ili pakati pa miyendo. Kumunsi kwa nyumba yawo dimba lija linali lobiriwira ndi nthochi ndi nzimbe. Anandilandira bwino, anafunsa za amayi, anaitanitsa mpando. Ndinawakumbutsa za agogo, kenako ndinakulitsa chithunzicho n'kuwapatsa. Maso awo akadali akuthwa. Anachiyang'ana nthawi yaitali, akuchiyandikitsa, akuchitalikitsa, ndipo ine ndinkadikira mawu amodzi okha, amene ndinali nditawanyamulira malo mumtima kuyambira ndili mwana.

"Ndiye kuti alamu aja ankaulukadi," anatero.

"Ankauluka, agogo. Ankanena zoona."

Anandibwezera foni, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene mlandu wamukomera.

"Basitu. Nanga sing'anga uja analakwa chiyani?"

Ndinaimirira, ndinatsanzika monga mwa ulemu, chifukwa anandilera choncho, ndipo nthochi zimene anatuma mwana kuti andipatse ndinazisiya pampando.

Amayi atandifunsa zimene atsibweni awo ananena, ndinawauza mmene zinalili. Anapuma mozama. "Asiye," anatero. "Sunapitire iwo. Ine ndamva."

Chiliza tinamanga mwezi wa chisanu, paphiri paja ku Ntchisi, nkhungu ikuyenda pakati pa mitengo. Mmisiri atalemba dzina la agogo pasimenti yaiwisi, ndinamuuza kuti pansi pake alembe seveni mmodzi, pakati, asiye malo mbali zonse ziwiri. Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu, n'kufunsa ngati manambala enawo ndibweretsa mawa. Ndinati alembe basi. Simenti itauma tinawatsogolera amayi, anagwada movutikira, n'kuyendetsa chala m'chilembocho monga ndinkachitira ine pakhosi pa agogo. Anati, "Bambo, ndine Nasiwelo. Ndabwera mochedwa." Mawu ena onse anawanena chapansipansi, ndipo ine ndinasuntha kuti ndisamve.

Anthu amandiuza kuti ndikhululuke, poti zinali za kale ndipo anthu sankadziwa. Amene amanena zimenezi agogo awo ali ndi maina. Ine ndikadutsa pamene wina akuotcha zinyalala za pulasitiki, fungo lija la pabwalo limandipeza, ndipo ndimakhalanso kamtsikana kogwidwa phewa. Chaka chilichonse ndimalandira ana atsopano, ndimawaphunzitsa kulemba manambala pabolodi, ndipo tikafika pa seveni ndimachedwapo kuposa pa ena onse. Ndimayenda desiki ndi desiki, ndikugwira dzanja la mwana aliyense mpaka alembe bwino. Anawo amaganiza kuti ndi nambala yovuta. Sadziwa kuti ndi zokhazo zimene mudzi wa amayi anga unandisiyira za munthu amene ananena zoona.